Chidindo cha Wansembe ndi Manda a Makolo ku Japan

Munthu wa ku Japan ukamufunsa chipembedzo chake, kawirikawiri amayankha kuti alibe. Koma bambo ake akamwalira, munthu yemweyo amadziwa kachisi woyenera kumuimbira foni, ndipo sachita kusankha ayi. Ndi kachisi amene anaika agogo ake, amene amasunga manda a banja ndi buku la maina a akufa awo. Banja lomangika chotere ku kachisi mmodzi wa Chibuda limatchedwa danka. Limapereka ndalama zosamalira kachisiyo chaka ndi chaka, limasonkha denga likayamba kudontha, limaitana wansembe pa miyambo yokumbukira omwalira ndipo limamulandira pakhomo m'nyengo ya Obon, pamene amati mizimu ya makolo imabwera kudzacheza. Dzikolo lili ndi akachisi a Chibuda oposa 70,000, ndipo ambiri mwa iwo amadalira mabanja amenewa. Chonsecho malamulo oyendetsera dziko amene anayamba kugwira ntchito mu 1947 amanena mosapsatira kuti munthu asakakamizidwe kuchita nawo mwambo uliwonse wachipembedzo. Ine ndikuona kuti zinthu ziwirizi zimakhalira limodzi chifukwa boma limene linayambitsa udindowu silinaumange pa chikhulupiriro cha munthu. Linaumanga pa nyumba ndi pa maliro. Choncho malamulo atabwera kudzamasula mtima wa munthu payekha, chingwe chinatsala pamene chinali, pa manda a banja.

Chiyambi chake chinali mantha a olamulira pa Chikhristu. Francis Xavier anafika ku Kagoshima mu 1549, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 ofufuza ambiri amati Akhristu anali atakwana pafupifupi 300,000, ena mwa iwo mafumu a zigawo. Wolamulira dzikolo Toyotomi Hideyoshi analamula mu 1587 kuti amishonale achoke, ndipo mu 1597 anapachika anthu 26 ku Nagasaki. Boma la Tokugawa linaletsa chipembedzochi m'dziko lonse mu 1614. Pamenepo panabuka vuto limene boma lililonse lozunza anthu pa za chikhulupiriro limakumana nalo: munthu akanena kuti wasiya, udziwa bwanji kuti wasiyadi? Njira imene anapeza inali yoti wosiyayo abweretse chikalata chochokera kwa wansembe wa Chibuda chotsimikiza kuti tsopano ndi wa kachisi wakuti. Poyamba chikalatachi ankafunsa okhawo amene anakhalapo Akhristu. Zinthu zinasintha ndi kuukira kwa ku Shimabara mu 1637 ndi 1638, pamene alimi otopa ndi msonkho, ambiri a iwo Akhristu, anadzitsekera mu linga la Hara pansi pa mnyamata Amakusa Shiro, ndipo pafupifupi 37,000 anaphedwa. Mu 1640 boma linatsegula ofesi yofufuza zipembedzo n'kuipereka kwa Inoue Masashige. M'zaka za m'ma 1660 zigawo zinalamulidwa kukhala ndi anthu awo ofufuza, ndipo pofika 1671 kaundula wa chipembedzo anakhala wa dziko lonse. Kuyambira pamenepo mlimi, msodzi, wamalonda ngakhale samurai ankayenera kusonyeza kuti ali ndi kachisi.

Kaundulayo ndi woyenera kumuyang'ana pafupi, chifukwa m'menemo ndimo munali mphamvu yonse. M'madera ambiri mfumu ya mudzi inkalemba chaka chilichonse nyumba ndi nyumba: mwini nyumba, mkazi wake, ana, antchito, zaka za aliyense ndi kachisi wake. Kenako wansembe ankadinda chidindo chake potsimikiza kuti anthuwa ndi akedi ndipo pakati pawo palibe Mkhristu. Mtsikana wokwatiwa ku mudzi wina ankanyamula kalata yomuchotsa m'kaundula wa kwawo kuti akalowe wa kwa mwamuna. Wapaulendo ankayenda ndi kalata ya kachisi, imene nthawi zambiri inkapempha kuti akafera m'njira amuike konko monga mwa mwambo wa kumeneko. Munthu akamwalira wansembe ankayenera kuona mtembo asanalole maliro, kenako ankapatsa malemu dzina latsopano la Chibuda, lotchedwa kaimyo, n'kulilemba m'buku la akufa. Ku Nagasaki ndi madera ena a Kyushu anawonjezera mwambo wa fumie. Kumayambiriro kwa chaka akuluakulu ankayenda khomo ndi khomo ndi chithunzi cha Yesu kapena Mariya chosula pa chitsulo, aliyense n'kuchiponda. Makanda amayi awo ankawanyamula n'kuwagunditsa mapazi pa chitsulocho.

M'kaundula monsemu munalibe pofunsa chimene munthu amakhulupirira. Boma silinasamale ngati mlimi amadziwa chiphunzitso cha Zen kapena cha Jodo; linkangofuna chidindo. Komanso ufulu umene unatayika sunali wa Akhristu okha. Gulu la Fuju-fuse, nthambi ya mpingo wa Nichiren imene inkakana kulandira kapena kupereka chopereka kwa osakhulupirira ngakhale atakhala shogun weniweniyo, mtsogoleri wa boma la Tokugawa, linaletsedwa m'zaka za m'ma 1660 ndipo otsatira ake anayamba kupembedza mobisa. Ku Satsuma olamulira analetsa mpingo wa Jodo Shinshu, anthu ake n'kumakapemphera usiku m'mapanga. Chodabwitsa n'chakuti lamulo la akachisi la 1665 linanena kuti kusankha kachisi ndi nkhani ya mwini wake ndipo ansembe asalimbirane anthu. Pa pepala zinali choncho. Koma wofuna kusamuka ankafunika kalata yomumasula yochokera kwa kachisi amene akumusiyayo, ndipo ndi wansembe uti amene akanasaina mosangalala kuti nyumba yomudyetsa ichoke? M'kupita kwa nthawi mwana ankangolandira kachisi ngati mmene ankalandirira munda.

Mndandanda wa zimene danka ayenera kuchita sunalembedwe n'komwe ndi boma. M'zaka za m'ma 1700 munafala chikalata chimene chinkaoneka ngati lamulo la 1613 la Tokugawa Ieyasu, woyambitsa boma la Tokugawa. Chinkalamula kuti munthu azipita ku kachisi pa tsiku lokumbukira imfa ya Buda, pa tsiku la woyambitsa mpingo wake, pa Obon, pa nyengo ziwiri za higan, pamene usana ndi usiku zimalingana, ndi pa masiku amene makolo ake anamwalira, azisonkha zokonzera kachisi, ndipo wonyalanyaza achotsedwe m'kaundula n'kufufuzidwa. Akatswiri a mbiri, monga Tamamuro Fumio, anasonyeza kuti chikalatachi n'chopeka, pakuti chimatchula magulu amene analetsedwa patapita zaka zambiri Ieyasu atamwalira. Komabe chinakopedwa m'makachisi ambiri ndipo anthu ankachiopa ngati lamulo lenileni. Mantha awo anali ndi maziko. Kusowa chidindo kunkachititsa munthu kukayikiridwa kuti ndi Mkhristu, ndipo kuyambira 1687 boma linkasunga kaundula wapadera wa ana ndi zidzukulu za amene anakhalapo Akhristu, n'kumawalonda kwa mibadwo ingapo. Owerenga amene anaonapo maliro akuyenda opanda nyimbo chifukwa malemu anali ndi ngongole ya chopereka ku mpingo akudziwa kulemera kwa mphamvu yotere. Ku Japan kunawonjezeka chakuti kumbuyo kwa wansembe kunali lupanga la boma.

Pali otsutsa amene amati kufotokoza nkhaniyi motere n'kunamizira anthu akale, ngati kuti ankangokokedwa pamphuno. Iwo amakumbutsa kuti akachisi a m'midzi anali atayamba kale kuchuluka lamulo la 1614 lisanabwere, kuti m'zaka za m'ma 1600 alimi ambiri anayamba kukhala ndi nyumba ndi minda yawoyawo ndipo ankafuna kukhalanso ndi makolo awoawo owakumbukira, kuti ziliza za anthu wamba zinayamba kuchuluka chakumapeto kwa zaka zimenezo chifukwa anthu ankazifuna. Zonsezi n'zoona, ndipo tingawonjezepo kuti ansembe ambiri ankaphunzitsa ana kulemba ndi kuwerenga, ndiponso kuti kachisi wa Tokeiji ku Kamakura ankabisa akazi othawa maukwati mpaka ukwati utatha. Koma mfundo imeneyi sikugwetsa zimene ndikunena, ikuzilimbitsa. Boma likanakakamiza chinthu chimene anthu ankadana nacho, chinthucho chikanagwa tsiku limene bomalo linagwa. Linakakamiza chinthu chimene anthu ankachikonda, kuika makolo awo mwaulemu, n'kuika khomo limodzi lokha lolowera. Ndipo madandaulo analipo kuyambira pachiyambi. Akatswiri a chiphunzitso cha Confucius monga Kumazawa Banzan ankadzudzula ansembe kuti akudya thukuta la alimi. Mu 1666 Tokugawa Mitsukuni anatseka akachisi oposa theka m'chigawo chake cha Mito, ndipo Ikeda Mitsumasa wa ku Okayama anayesa kupereka ntchito ya zikalata kwa ansembe a Chishinto, chipembedzo cha milungu ya ku Japan. Choipitsitsa n'chakuti akachisi ena ankapatsa akufa a m'magulu onyozeka, makolo a anthu otchedwa burakumin, maina okhala ndi zilembo zosonyeza kuti ndi otsika, n'kuwazokota pa ziliza. Banja lotere silikanatha kupita kwa wansembe wina.

Umboni waukulu wakuti nkhondoyi inali pa mtembo unaonekera ku Urakami, pafupi ndi Nagasaki. Kwa zaka zoposa 200 anthu a kumeneko anali Akhristu mobisa. Ankaponda chithunzi, ankalembetsa ku kachisi wa Shotokuji, ankaitana wansembe wa Chibuda pa maliro, akachoka n'kupemphera mapemphero awoawo. Pa 17 Malichi 1865 ena a iwo analowa m'tchalitchi chatsopano cha Oura, chimene chinamangidwira alendo a ku Ulaya, n'kudziulula kwa wansembe wa ku France, Bernard Petitjean. Akuluakulu sanawagwire nthawi yomweyo. Chimene chinautsa mapiri pachigwa chinali cha mu 1867, pamene anayamba kuika akufa awo osaitana wansembe wa kachisi, n'kuuza mfumu ya mudzi poyera kuti sadzamuitananso. Atsogoleri awo anamangidwa, ndipo boma latsopano la Meiji, limene linalowa mu 1868, linapitiriza pomwe boma la Tokugawa linalekezera. Anthu oposa 3,000 anabalalitsidwira ku zigawo zosiyanasiyana, ndipo oposa 600 anafera konko. Zikwangwani zoletsa Chikhristu zinachotsedwa mu 1873, nthumwi za boma zotsogoleredwa ndi Iwakura zitadzudzulidwa pa nkhaniyi ku America ndi ku Ulaya, ndipo otsala anabwerera kwawo.

Boma la Meiji linalibe chifundo ndi Chibuda. Mu 1868 linalamula kuti Chishinto ndi Chibuda zilekanitsidwe, ndipo m'madera ena anthu anagwetsa akachisi, kutentha zifanizo ndi kusungunula mabelu. Ku Satsuma akachisi oposa 1,000 anatha onse. Mu 1871 kaundula wa anthu anachoka m'manja mwa ansembe n'kupita ku maofesi a boma. Apa munthu akanayembekeza kuti danka atha, koma zimene zinatsatira zinamulimbitsa m'njira ina. Kuyambira 1872 mpaka 1884 maliro ankaloledwa pokhapokha atayendetsedwa ndi wansembe wa Chibuda kapena wa Chishinto. Mu 1872 momwemo ansembe analoledwa kukwatira ndi kudya nyama, ndipo m'kupita kwa zaka akachisi ambiri anasanduka chuma cha banja la wansembe, mwana kulowa m'malo mwa bambo. Malamulo oyendetsera dziko a 1889 anapereka ufulu wachipembedzo malinga ngati sukusokoneza bata kapena udindo wa nzika. Kenako lamulo la mabanja la 1898 linaika nyumba, osati munthu, ngati maziko a dziko, ndipo linati wolowa m'malo mwa mutu wa nyumba atenge mbiri ya mzere wa banja, ziwiya zopembedzera ndi manda. Ntchito imene ankagwira wofufuza wa shogun inatsala m'manja mwa bambo ndi mwana wachisamba.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dongosolo la nyumba lija linathetsedwa ndipo ana onse anayamba kugawana chuma mofanana. Koma ndime 897 ya lamulo latsopano inapatula zinthu zitatu zomwe zija, mbiri ya mzere, ziwiya ndi manda, kuti zisagawidwe, zipite kwa munthu mmodzi woyendetsa miyambo ya makolo, amene malemu anamutchula kapena amene mwambo ukumuloza. Nthawi yomweyo kugawa malo kwa alimi kunalanda akachisi minda imene ankabwereketsa, moti ambiri anatsala ndi maliro okha ngati podyera. Dzina lonyoza lakuti Chibuda cha maliro linafala kwambiri pambuyo pa buku la Tamamuro Taijo la 1963. M'zaka zomwezo gulu la Chibuda la Soka Gakkai linkakula mofulumira, ndipo mabanja otembenuka ankakangana ndi akachisi awo akale pa za manda. Khoti la ku Tsu linagamula mu 1963 kuti kachisi sangakane kuika munthu pa chifukwa chokhacho chakuti anasintha chipembedzo, koma ali ndi ufulu wochita mwambo wake pa manda ake, ndipo akhoza kukana ngati banja silikufuna mwambowo. Chigamulochi chinayesa kulemekeza ufulu wa mbali zonse ziwiri. Kwa wotembenuka tanthauzo lake linali lakuti akhoza kugona pafupi ndi makolo ake ngati alola kuti pa manda pake pawerengedwe mawu amene anawakana ali moyo.

Masiku ano katunduyu amaoneka motere. Mwana wamwamuna woyamba amagwira ntchito ku Tokyo kapena ku Osaka, kachisi wa banja ali kumudzi ku Shimane kapena ku Akita. Chaka chilichonse kumabwera kalata ya ndalama zosamalira kachisi ndi manda. Maliro akagwa pamafunika envulopu ya chopereka chimene mtengo wake sulembedwa paliponse, ndipo ukafunsa amakuuza kuti upereke monga mtima wako ukufunira, pomwe aliyense akudziwa kuti dzina la akufa la ulemu wapamwamba limayenda ndi envulopu yonenepa. Pambuyo pa maliro pali mwambo wa tsiku la 49, wa chaka choyamba, kenako wachitatu, wachisanu ndi chiwiri, wa 13, mpaka wa 33 m'mabanja ambiri. Ntchito ya tsiku ndi tsiku, kupukuta guwa la m'nyumba lotchedwa butsudan, kuika mpunga ndi madzi, kuyatsa lubani, kuphikira alendo, nthawi zambiri imagwera mkazi wokwatiwa m'banjamo, amene makolowo si ake ndipo mwina chipembedzocho si chake. Banja likafuna kuchotsa mafupa kuti likawaike pafupi ndi kumene likukhala, limayenera kutenga chilolezo ku ofesi ya boma, ndipo ofesiyo imafuna kalata ya woyang'anira manda yotsimikiza kuti mafupawo alidi pamenepo. Pa manda a kachisi woyang'anirayo ndi wansembe. Ena amasaina popanda vuto. Ena amatchula ndalama yotsanzikira imene palibe lamulo loikhazikitsa, ndipo bungwe la boma loteteza ogula lakhala likulandira madandaulo a anthu amene anauzidwa mitengo yoopsa.

Otsutsa ena amati zonsezi si nkhani ya ufulu wachipembedzo ayi. Palibe wapolisi amene amabwera, palibe amene amamangidwa, ndipo zimene mabanja amachita ndi mwambo chabe wolemekeza makolo. Mbali yoyamba ndikuivomereza. Malamulo oyendetsera dziko amamanga manja a boma, samanga pakamwa pa amalume kapena apongozi, ndipo dziko limene makhoti ake angamalowerere pa mkangano uliwonse wa pa maliro lingakhale loipa kuposa lino. Ndikuvomerezanso kuti wansembe wa kumudzi si mbala. Akachisi masauzande ambiri alibe wansembe wokhala pomwepo, ambiri amene alipo amagwiranso ntchito ina kuti adye, ndipo udzu wa pa manda sudzidula wokha. Amene makolo ake asungidwa zaka 200 n'kuchoka osathokoza wachita mwano. Koma mawu akuti ndi mwambo chabe ayenera kutichenjeza, chifukwa ndi omwewo amene boma la Japan linagwiritsa ntchito nkhondo isanathe pokakamiza ana asukulu kukagwada ku malo opembedzera a Chishinto, likunena kuti kutero si chipembedzo koma udindo wa nzika. Wansembe wa Jodo Shinshu akamawerenga malemba pa maliro amakhulupirira kuti akuchita za chipembedzo, ndipo Mkhristu kapena wa Soka Gakkai amene wagwada kumbuyo kwake amadziwanso chimodzimodzi. Udindo wochokera m'chikondi cha pa makolo palibe amene angaudandaule. Umayamba kununkha zakale pamene wofuna kuchoka sangachoke ndi mafupa a amayi ake popanda chilolezo cha amene akumusiyayo.

Chimene chikumasula chingwechi tsopano si makhoti kwenikweni koma kuchepa kwa ana ndi kutha kwa midzi. M'chaka cha boma cha 2022 zilolezo zosamutsa mafupa zinaposa 150,000. Anthu akusankha manda a onse pamodzi amene kachisi amalonjeza kuwasamalira popanda wolowa m'malo, kapena kuikidwa pansi pa mtengo, njira imene kachisi wa Shounji ku Ichinoseki anayambitsa mu 1999. Mu Disembala 2015 kampani ina inayamba kugulitsa pa Amazon ntchito yotumiza wansembe pa mtengo wodziwika wa ma yen 35,000, ndipo bungwe loimira mipingo ya Chibuda m'dzikolo linakalipa kuti chopereka si malonda, koma ansembe ambiri osowa danka analembetsa. Ku Kumagaya, m'chigawo cha Saitama, wansembe wa kachisi wa Kenshoin anathetsa yekha dongosolo la danka mu 2012, n'kulemba poyera mitengo ya miyambo ndi kulandira aliyense wofuna. Anzake ena a mpingo wake wa Soto sanakondwere nazo, ndipo ena mwa amene anamutsutsa kwambiri anali danka ake akale, amene ankaona kuti kachisiyo ndi wawo ndipo wansembe alibe mphamvu yowamasula asanawafunse.